Achemwali Ali pa Inkwayale

Mchengautuwa, Mzuzu
Lolemba, 8 Epulo

Amayi,

Monire! Musadzidzimuke, si mwano, ndi moni wa kuno. Muli bwanji ku Mponela? Bondo lija likukuvutanibe? A Mabel, ndikudziwa kuti ndinu mukuwawerengera Amayi kalatayi, inunso moni, koma muwerenge zimene zalembedwa, mchere wanu musunge kukhitchini. Ife kuno tili makora, kutanthauza kuti sitinafe. Mvula ya Mzuzu ndi yomwe ija yopanda khalidwe: kugwa ayi, kuleka ayi, imangodontha ngati mphuno ya mwana wachimfine.

Ndalemba ndine Joe, mwana wanu wosaphunzira uja, chifukwa wophunzirayo akuti alibe nthawi. Achemwali a Daisy ali pa inkwayale. Eya, boma lawaitana, iwo ndi maticha ena a sayansi, onse pamodzi makumi atatu, masabata awiri, mu holo ina ku Ching'ambo. Ndimawanyamula ndine m'mawa pa njinga yanga ya kabaza, ndiye popeza makasitomala achepa ndi mvulayi, ndimakhala pansi pa windo n'kumamvetsera.

Amayi, zimene zikuchitika mmenemo mungaseke mpaka bondo kuchira. Akuti akuwaphunzitsa kuphunzitsa. Anthu a imvi, ena a mimba ngati ng'oma, kuphunzitsidwa ntchito imene akhala akuigwira zaka makumi awiri! Njira yatsopanoyo ndi imene ikutchedwa inkwayale. Akuti ticha asamauze ana yankho, aziwapatsa zinthu azigwiragwira, azifunsa mafunso, yankho alipeze okha. Ndiye kuti ntchito ya ticha tsopano ndi kusanena. Imeneyo ine ndikanaitha popanda satifiketi.

Lero wamkulu wawo, bwana Meckson, wa taye yofiira, anabweretsa beseni, madzi, mchere ndi dzira. Analiponya m'madzi, linamira. Anathira mchere, linayandama. Kenako akuti, "Mukuona chiyani? Mukudabwa chiyani?" Akuluakulu makumi atatu kuzungulira beseni, kudabwa mokakamizidwa, wina mpaka kulemba m'kope. Ine chimene ndinadabwa n'chakuti dziralo adya ndani. Teni koloko tiyi, masana nkhuku, fili koloko tiyi wina. Kufufuza kwenikweni kukuchitikira m'mbale, kusakasaka ntchafu.

Tsopano nkhani ndi iyi. Lachisanu pa 19 achemwali adzaimirira pamaso pa mabwana a ku unduna, n'kuphunzitsa ana enieni mwa njira imeneyi. Pa makumi atatuwo adzasankha atatu okha oti azikaphunzitsa maticha anzawo, ndipo atatuwo akwezedwa. Mukudziwa kuti achemwali zaka zisanu ndi zinayi akudya choko pa giredi yomweyomweyo. Mtima wawo wonse uli pamenepo, ine ndikaseka amandiyang'ana ngati ndaponda mbale. Akufuna bokosi lakuda lija lili pansi pa bedi lanu, la makina oonera tizilombo aja. Akuti ndi limene lidzawapulumutse. Mulikulunge bwino, mumupatse Shadrick akamabwerera kuno ndi lole yake Lachitatu. Ndipo akuti musauze anthu, mukudziwa pakamwa pa kwathu. A Mabel, mwamva?

Mutumizenso mtedza ngati mwayamba kukumba.

Wanu,
Joe


Kumudzi, Mponela
Lachitatu, 10 Epulo

Joe mwananga,

Kalata yako tailandira. A Mabel andiwerengera kawiri, kachiwiriko titatseka chitseko. Ife tili bwino, bondo ndi lomwelo, koma chiwerengereni kalatayo chakudya sichikutsika.

Iwe umaseka chilichonse, ngakhale pa maliro a bambo ako unaseka chipewa cha abusa. Nkhani ya mlongo wako si yoseka. Tandiuza bwino: akumugoneka kuti? Madzulo amabwera kunyumba? Akudya? Liwu limenelo ife timalimva pa wailesi, ndipo tikudziwa kumene limathera. Ukukumbuka mlembi wa kalabu yathu ya alimi, atabwera anthu a mafayilo aja? Lero akugulitsa makala.

Za bokosi, sindikulidziwa bokosi limene ukunena. Pansi pa bedi langa pali mphika wa nyemba za mbewu ndi nsapato za bambo ako. Kuno kulibe bokosi, sikunakhaleko bokosi, ndipo aliyense akakufunsa umuuze choncho. Shadrick ndamupatsa mtedza basi.

Umuuze Daisy kuti amayi a chigwirizano asala kudya Lachisanu. Chifukwa chake sindinawauze, ndangoti pali mwana wathu wina ali m'mayesero. Akamamufunsa aziyankha zochepa. Iye uja amakonda kufotokoza.

Ndine mayi ako.

Joe, tsopano ndine Mabel. Mchere wanga ukuunena, koma pakanapanda ine makalata ako akanadyedwa ndi mbuzi. Ndalemba zilembo zing'onozing'ono dala, ndipo kalatayi ndaiika m'pulasitiki ya shuga n'kumata ndi moto, kuti Shadrick asasuzumire. Foni yanga ndazimitsa. Nthawi ngati zino boma limamvetsera.


Mchengautuwa, Mzuzu
Lachisanu, 12 Epulo

Amayi,

Moni, ndipo mtedza uja yewo chomene. Achemwali sanaulawe, ndawathandiza ndine.

Koma Amayi, ukalamba wayambira kumutu? Bokosi liti, bokosi liti! Lakuda, lathabwa, la chogwirira chachitsulo, lija munkatiletsa kukhudza, lija munalisenza pamutu mukuimba nyimbo achemwali atalilandira ku koleji. Mkati mwake muli chimakina cha diso limodzi. Suzumiraninso, kuseri kwa nsapato za bambo. Shadrick atafika ndi mtedza wokhawokha, achemwali anakhala pa mpando osavula nsapato mpaka chakudya kuzizira. Foni ya a Mabel taimba kakhumi, ikuti mwini wake sakupezeka. A Mabel, boma lilibe nthawi yomvetsera inu, ngakhale amuna anu anasiya kalekale.

Komanso zilembo zanuzo! Ndinayesa nyerere zafera pa pepala. Mwayi wake mvula. Ndinali pa siteji, kalata ili pa bondo, dontho linagwera pa pulasitiki yanu ija, ndikuona zilembo za pansi pake zatupa. Ndiye ndinayamba kulikankha dontholo ndi kamtengo ka machesi, mzere ndi mzere, mpaka kumaliza. Anzanga a kabaza ankati ndikuombeza.

Mwafunsa ngati akudya. Akudya, ndipo amagona kunyumba, koma aonda ndi nkhawa. Inkwayale yafika povuta. Kwabwera mabwana awiri a ku Lilongwe, amakhala kumbuyo ndi mafayilo, chilichonse munthu anganene iwo akulemba. Dzulo achemwali anawaimika kutsogolo ola lathunthu, kuwapanikiza ndi mafunso, wina akuwajambula vidiyo. Mlandu wake? Ankayeserera kuphunzitsa, anzawo akukhala ngati ana, ndiye yankho linawapulumuka pakamwa. Bwana Meckson anakweza dzanja: "Madamu, mwaulula! Mwaulula msanga!" Mafayilo onse pepepe, kulemba.

Akatopa ndi kudabwa amawagawa m'magulu, kuwapatsa chipepala chachikulu ndi zolembera zamitundumitundu, ajambule mivi ndi mabokosi, kenako n'kumata pa khoma, n'kumazungulira kuonerera ngati ndi zithunzi za ukwati. Tulo tikawagwira amawaimiritsa kuti avine pang'ono, akuti magazi ayende. Amayi, ahedi a sukulu yathunthu kugwedeza chiuno pa nthawi ya ntchito! Ndipo kuomba m'manja kwake n'kwa mtundu wina, kochita kuphunzitsidwa.

Koma chimene chimandinyansa ndi ichi. Awauza kuti mwana akafunsa, ngakhale zopusa, ticha azimwetulira n'kunena kuti, "Funso labwino!" Anayeserera onse pamodzi ngati kwaya, funso labwino, funso labwino. Ine ndili Fomu 2 ndinafunsa a Gideon, ticha wathu wa sayansi uja, chifukwa chake mwezi umatitsatira tikamayenda. Funso labwino lake linali zikoti zisanu ndi chimodzi ndi kukumba dzenje la zinyalala. Ndinakumba theka, khasu n'kulisiya momwemo, osabwereranso. Lero zimene zinanditupitsa matako anthu akuzidyera nkhuku, ndi pulojekita yomwe. Pamapeto akuti alandira masatifiketi. A kudabwa, kaya.

Koma zanga zilibe ntchito. Kwatsala sabata imodzi. Phunziro lonse achemwali alimanga pa makinawo: madzi a pachithaphwi, ana asuzumire, aone tizilombo tikusambira, mafunso ayambe. Makina a kusukulu kwawo anafa kalekale, galasi lake linachita nkhungu. Popanda bokosilo alibe chilichonse. Shadrick adutsa Lamlungu. Chonde.

Joe


Kumudzi, Mponela
Lamlungu, 14 Epulo

Joe,

Moni kwa iwe ndi mlongo wako. Tangochokera kutchalitchi, a Mabel akulemba mothamanga chifukwa Shadrick akuliza hutala pamsewu.

Ndiye Daisy waulula? Sindinanene ine kuti aziyankha zochepa? Akumujambula, akumulemba m'mafayilo, iwe uli pansi pa windo kuwerenga nkhuku za eni. Mtima wako unausiya kuti, mwana iwe?

Koma umuuze mtima ukhale pansi. Kuulula pakamwa si umboni. Chimene chimamusowetsa tulo chija ndathana nacho ine dzulo, ndi manja angawa. Abwere ndi mafayilo awo, abwere ndi agalu, atembenuze bedi, apeza nsapato za bambo ako. Sindinena zambiri, kalata imadutsa m'manja ambiri.

Bokosi usalitchulenso polemba. Ukafuna kulitchula uziti maungu.

Ndatumiza maungu enieni awiri, kuti Shadrick asadabwe.

Mayi ako.


Mchengautuwa, Mzuzu
Lolemba, 15 Epulo

Amayi okondedwa,

Landirani moni. Ndikukhulupirira kuti muli bwino. Ndine Daisy, ndalemba ndekha, ndipo ndikupempha a Mabel kuti awerenge pang'onopang'ono, liwu lililonse.

Sindili pa mlandu. Palibe amene akundifufuza. Ndili pa maphunziro a aphunzitsi. Liwu lija analemba Joe ndi la Chingerezi, limangotanthauza kufunsa ndi kufufuza, ndipo kuno likunena za ana m'kalasi, osati za apolisi. Ndamufunsa zonse zimene anakulemberani, wandiuza akugubuduka ndi kuseka. Za dzira zija ndi zoona. Za mafayilo ndi zoona. Koyamba m'moyo wake wanena zoona, ndipo wazinena mwanjira yoti munthu asakhulupirire. Kulakwa kwanga kunali kumutuma.

Iye akunyoza, ndipo zina ndi zonyozekadi. Koma ine zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikulemba pa bolodi, ana n'kumakopera, mayeso akatha zonse n'kuuluka ngati sanalowepo m'kalasi. Njira imeneyi ndikuifuna. Ndipo mwayi wokwezedwa ngati uwu sudzabweranso msanga.

Makinawo sindinabe. Ndi mphoto yanga, ndinalandira chifukwa ndinakhoza kuposa onse. Inu munalipo, munavina. Ndinawasiya kwanu chifukwa nyumba ya kuno imadontha, ndipo ndinkati m'manja mwanu ndi mosungika kuposa kwina kulikonse.

Ndiye ndikufunsa funso limodzi, ndipo musandiyankhe za maungu. Bokosi langa lili kuti? Ngati munakwirira, fukulani. Ngati munasungitsa kwa a Mabel, katengeni. Shadrick anyamuka kumeneko Lachinayi m'mawa, ndipo ndi ulendo wake womaliza Lachisanu lisanafike.

Mwana wanu,
Daisy

Amayi, ndine Joe, ndalemba pakona achemwali asanamate. Maungu anali okoma.


Kumudzi, Mponela
Lachitatu, 17 Epulo

Daisy mwananga,

Moni. Kalata yako a Mabel aiwerenga pang'onopang'ono monga unanenera.

Ndikuuza mosabisa. Makina ako ali m'chimbudzi.

Loweruka m'mawa, anthu ali kumunda, ndinatulutsa bokosi. Thabwalo ndinaliwaza n'kusonkhera moto. Chimakinacho chinakana kulowa pa bowo, chinapingasa khosi, mpaka a Mabel anachita kuchiponda ndi chidendene. Chinamveka chubwi, patali. Dzenjelo bambo ako anakumba lakuya, ukudziwa sankachita zinthu mwachibwana.

Usandiweruze msanga. Taganiza iwe: mwana akukulembera kuti mlongo wake ali pa inkwayale, tumizani bokosi, musauze anthu. Kenako akuti akumujambula, waulula. Zoti ndi mphoto ndinkadziwa, ndinavinadi, koma ndinati mwina boma lasintha maganizo likufuna katundu wake, kapena mapepala ake anasowa. Nanga zoti boma lingasonkhanitse anthu a ndevu makumi atatu kudzaonerera dzira likuyandama, n'kumawaphera nkhuku, ndani wanzeru angakhulupirire? Tinati Joe akutibisira ndi nthabwala kuti ndisadwale mtima. Tinamuyamikira ndithu, kuti mwanayu wayamba kukula.

Ndikanakhala ndi mwendo ndikanalowamo. Sindikudziwa chonena, mwananga. Ndinkati ndikukupulumutsa. Lachisanu tisalanso kudya, tsopano chifukwa chake tikuchidziwa.

Joe umuuze kuti asaoneke kuno.

Mayi ako.

Ine Mabel ndikuti sindinaponde, ndinangotsamira. Foni ndayatsa.


Mchengautuwa, Mzuzu
Loweruka, 20 Epulo

Amayi,

Moni. Ndamva kuti mwati ndisaoneke, koma simunati ndisalembe. Foni ya a Mabel tayesa, yayaka tsiku limodzi moto n'kutha, ndiye mumva kwa ine wabodza yemwe uja. Khalani pansi, bondo lingakugwetseni.

Kalata yanu inafika Lachinayi chakumadzulo. Achemwali anaitembenuza uku ndi uku, nyerere za a Mabel osawerengeka. Ndiye ndinaviika chala m'kapu, n'kuwadonthezera pa pulasitiki, n'kuwapatsa kamtengo ka machesi. Anayendetsa dontho mpaka pa liwu lakuti m'chimbudzi. Anaima pomwepo. Ine ndinayang'ana chitseko kuti ndidziwe pothawira. Sanalire, sanandimenye. Maso anangokhala pa dontho.

Kenako akuti, "Joe, n'chifukwa chiyani zilembo zikutupa?"

Ndinati, "Mukufunsa ine wa Fomu 2? A inkwayale si inu?"

"Ukalikulitsa dontholo chimachitika n'chiyani?"

"Limaphwasuka, silikuza. Kakang'ono kozungulira bwino ndiye kamagwira ntchito. Mukakweza pulasitiki pang'ono, zilembo zimakulirako."

"Nanga mafuta ophikira?"

"Kaya. Ine ndimathira m'ndiwo."

"Katenge botolo."

Amayi, tinayesa mafuta, madzi a mchere, madzi a sopo, mpaka oilo wa njinga yanga. Ndiwo zinapserera. Kenako anandituma ndizungulire Mchengautuwa yense kupempha mapulasitiki a shuga, anthu n'kumati mlongo wa madamu uja misala yamuyamba.

Lachisanu holo inadzaza. Ana a Fomu 1 makumi awiri, mabwana a mafayilo kumbuyo, bwana Meckson ndi taye yake, ine pa windo panga. Amene anaphunzitsa achemwali asanalowe anabwera ndi mabotolo otulutsa utsi, mawaya, wina mpaka laputopu. Athuwa analowa ndi kapu ya madzi ndi jumbo. Ndinamva wina akuti, "Awa abwera kudzagulitsa mandasi?" Anagawa ana m'magulu asanu, gulu lililonse pulasitiki, machesi, ndi kachidutswa ka nyuzi ka zilembo zing'onozing'ono. Zidutswazo zinapezeka zinayi. Chachisanu ndinali nditakulungira chipisi, ndavomera. Achemwali anapisa m'chikwama mwachangu, n'kutulutsa pepala loyamba limene dzanja linakhudza, lili kale m'pulasitiki yake.

Anati, "Donthezani. Mukuona chiyani?"

Kamtsikana kena, Glory, mawu ngati belu, kanayamba kuwerenga mokweza: "Chi-ma-ki-na-cho chi-na-ka-na ku-lo-wa pa bo-wo... mpa-ka a Ma-bel a-na-chi-ta ku-chi-po-nda..."

Amayi, holo yonse inafa ndi phwete. A Mabel, mwatchuka ku Mzuzu. Achemwali nkhope inachita mbuu, koma ananena kuti, "Glory, popanda dontho ukanawerenga?"

"Yayi, madamu."

"Ndiye dontholo lachita vichi?"

Basi, ana anayaka ngati udzu wouma. Wina akuti madzi akukoka zilembo, wina akuti yayi, dontho ndi lozungulira ngati diso, wina wakweza pulasitiki akukuwa kuti zakula chomene, ena akuyesa malovu. Wina anagwira ntchentche n'kuika phiko lake pansi pa dontho. Nthawi inatha, palibe anafuna kutuluka. Ndipo achemwali sanaulule kanthu mpaka mapeto.

Bwana Meckson anawerama pa tebulo la Glory, taye ili m'madzi, n'kuwerenga kalata yanu yonse ndi dontho. Poweramuka nkhope inali ina. "Madamu, makina amenewa anali a sukulu iti?" Mafayilo onse anatseguka. Ine ndinati Amayi aja analota. Mwayi wake achemwali anali ndi chithunzi m'foni, cha tsiku la mphoto, inu mukuvina bokosi lili pamutu. Inkwayale yeniyeni inatha m'mphindi ziwiri.

Mayina atatu anawatchula fili koloko. Lachiwiri linali la mwana wanu.

Musayambe nthungululu, imvani izi kaye. Bwana Meckson dontho langa lija analipatsa dzina la Chingerezi lalitali ngati lole ya Shadrick, n'kulilemba m'fayilo, akuti apita nalo ku Karonga ndi ku Mzimba. Achemwali, kunena chilungamo, analoza pa windo n'kunena kuti nzeruyo ndi ya mlongo wanga uyo. Bwanayo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku patapata, n'kuti, "Yewo chomene, achimwene. Tandinyamulireni pulojekita ku galimoto." Ndinanyamula. Satifiketi ya kudabwa alandira onse makumi atatu, ndi uja ankagona kuyambira Lolemba loyamba.

Achemwali akupereka moni, kwa inu nokha. Akondwa, koma pobwerera, ali kumbuyo kwa njinga, anati, "Makina aja anali ndi dzina langa pansi pake." Ine ndinapalasa mpaka kunyumba osaseka. 

Joe


Kumudzi, Mponela
Lachiwiri, 23 Epulo

Joe,

Moni. Tamva, ndipo nthungululu ndaimba ngakhale unaletsa, mpaka nkhuku kuthawa. Amayi a chigwirizano akuti kusala kudya kwagwira ntchito. Ine sindikutsutsa, koma aliyense akuona yekha kuti ndikanatumiza bokosilo, Daisy akanalowa ndi makina ngati anzakewo, n'kutuluka ngati anzakewo. Umuuze mawu amenewa, koma usankhe tsiku. Umuuzenso kuti chogwirira cha bokosi sichinapse. Ndachitsuka, chili pansi pa bedi.

A Mabel akuti sakuyankhula nawe, akungolemba.

Tsopano vuto ndi ili. Nkhani yafalikira, ndipo woifalitsa si ine. Ana a pamudzi chimbudzi changa akuchitchula kuti ku labu, amabwera kudzasuzumira pa bowo. Ineyo chichitikireni sindikutha kulowamo. Chimakina chija chili ndi diso, kaya chinagwa chagada, ndipo Daisy ankanena yekha kuti chimakuza zinthu. Munthu wamkulu ngati ine sindingakhale pamwamba pa diso. Ndikumapita kwa a Mabel, ndi bondo langali, ndipo ayamba kundiyang'ana cham'mbali.

Ndiye mawu aja ndabweza, uoneke. Shadrick akutenga Lachisanu. Dzenje la a Gideon unalisiya pakati, langali ulimaliza, lakuya ngati la bambo ako. Khasu ndi piki zilipo.

Ndipo usabwere ndi mafunso. Kuno kulibe funso labwino.

Mayi ako.